Ada Longwe ndi Mbozi ya M'chitini cha Penti

Theka la zolembedwa pa makoma a pa boma la Nkhata Bay ndi dzanja la munthu mmodzi, a Mackford Longwe. Mayina a magolosale, a mabwato a injini, a malo ometera, "Osakodza Pano" wa kuseri kwa msika, ngakhalenso mitanda yambiri ya kumanda, zonsezo analemba ndi iwowo. Ife timangoti Ada Longwe, monga mmene timaitanira abambo kwathu kuno. Ine ndine telala, ndipo ndasoka pa khonde loyang'anizana ndi shedi yawo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Zambiri zimene ndinene ndinaziona ndekha. Zotsalazo ndinamva kwa akazi awo, a Edith, amene sadziwa kusunga nkhani.

Ada anabadwira ku Chintheche mu 1961. Sukulu anailekezera folomu 2 bambo awo atamwalira, nkubwera pa boma kudzasenza katundu ku doko masiku ofika sitima ya Ilala. Kumeneko ndi kumene anthu anaona kuti mnyamatayu akalemba dzina la mwini thumba ndi khala, zilembo zimaima chilili ngati za m'buku la nyimbo. Pasanathe chaka anali atasiya kusenza matumba, akungowalemba. Kenako anapeza maburashi awiri ndi chitini cha penti wakuda, ndipo ntchito ya moyo wawo wonse inayambira pomwepo.

Chimene chinawasandutsa munthu wovuta chinachitika mu 1984. Mwini butchala ina anawapempha kuti ajambule ng'ombe pa khoma. Anajambula ng'ombe yonenepa, ikumwetulira, mano onse ali mbee, am'mwamba ndi am'munsi. Inakhala pamenepo miyezi iwiri anthu akuiyamikira, pajatu ife a kunyanja ng'ombe timaidziwira m'mbale. Ndiye kunabwera mkulu wina wa ku Mzimba wogulitsa ziweto. Ataima pakhomapo anaseka mpaka kukhala pansi, nkuuza msika wonse kuti ng'ombe ilibe mano akutsogolo am'mwamba. Ada sanakhulupirire. Anapita kophera nyama, anatsegula kukamwa kwa mutu wa ng'ombe, ndipo anapezadi nkhama zokhazokha. Tsiku lomwelo anafufuta mano aja, nkulumbira kuti sadzajambulanso chinthu asanachiyang'ane m'kamwa.

Lumbiro limenelo analisunga. Wofuna nsomba pa khoma ankabwera ndi nsombayo, ndipo Ada ankawerenga zipsepse asanatsegule chitini. Mwini malo ena ogona alendo ku Chikale atafuna ng'ona pa geti, Ada anakana ntchitoyo, amvekere ali ndi ana oti awalere. Ampingo wina atapempha mngelo pamwamba pa guwa, anawauza mwaulemu kuti akangomupeza abwere naye. Sikuti ankanena mwanthabwala ayi. Ada si munthu wa nthabwala, ndipo ine ndimaganiza kuti nchifukwa chake zinthu zoseketsa zimawalondola.

Nkhani ya mbozi inayamba mu Disembala 2022. Mayi Millicent Mhone ali ndi tiyirumu pa msewu wotsetserekera ku doko, nyumba zitatu kuchokera pa khonde langa. Amuna awo, a Donald, anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi ku Kepitawuni, akuphika m'nyumba ya anthu, ndipo chaka chilichonse ankati abwera pa Khirisimasi. Tiyirumuyo inalibe dzina. Pa mpanda wake panali timaluwa tapepo, ndipo m'mawa uliwonse dzuwa likayamba kutentha, cha m'ma naini, pankabwera kanthu kosaposa chala chachikulu. Sikankatera. Kankangoima m'malere kutsogolo kwa duwa, kakulira chapansipansi ngati firiji, nkulowetsamo mlomo wautali woonda, kenako nkusowa, nkuonekeranso pa duwa lina. Mayi Millicent ankati ndi mwana wa choso, kambalame koyamwa maluwa kaja. Anaitana Ada kuti alembe "Choso Tea Room" ndi kujambula kambalameko pambali.

Ada anabwera ndi kampando, anakhala pa mpandapo m'mawa katatu. Tsiku lachitatu anaimirira, anapukuta magalasi, nkuuza mayiwo kuti mbalame yawo ili ndi miyendo isanu ndi umodzi, ili ndi tinyanga tiwiri pamutu, ndipo ikatha kumwa imakulunga mlomo ngati koyilo ya udzudzu nkuubisa kunsi kwa mutu. Mapiko akenso, anatero, alibe nthenga, amaonekera mbali ina ngati galasi la pawindo.

"Ada, mwakhala pano masiku atatu, tiyi wanga mukumwa, kuti mudzandiuze kuti mbalame yanga ndi njuchi?"

"Sindinati njuchi, Ama. Ndati sindikukadziwa."

Makasitomala anailanda nkhaniyo. Osenza katundu a ku doko anati ndi bemberezi, koma wodya bwino. Mkulu wa mpingo wina amene amamwa tiyi pamenepo tsiku lililonse anati chilichonse chouluka masana ndi kumwa m'maluwa popanda kuluma munthu ndi mbalame basi. Dalaivala wa minibasi ya ku Mzuzu anati onsewo ndi otsalira, kameneko ndi kandege kojambula zithunzi konga kamene alendo amaulutsa ku Chikale, kungoti aka ndi kamakono, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankamwa tiyi atafulatira mpanda. Loweruka lina Mayi Millicent atatopa anati anthu akweze manja. Mbalame inapeza manja khumi ndi limodzi, bemberezi asanu ndi awiri, kandege anayi. Mayiwo analengeza kuti mbalame yapambana, Ada ayambe ntchito Lolemba. Ada anayankha kuti ngakhale boma lonse litavota, miyendo ija sichepa.

Anayesa kukagwira. Anayamba ndi chipewa, kenako chitenje cha a Edith, kenako neti ya udzudzu yomangirira ku nsungwi. Kachilomboko kankadikira mpaka neti ili pafupi, nkusuntha pang'ono chabe, ngati munthu wopatsa njira njinga. Tsiku lachinayi Ada anagwera mu mpanda chamutu, ndipo tinachita kuwakoka miyendo ine ndi dalaivala uja.

Kugwako kunathandiza. Ali chigonere m'maluwamo, anaona kachilombo kaja kakudutsa pamwamba pawo kulowera kuseri kwa khitchini. Kumeneko kunali mitengo itatu ya khofi imene mlongo wawo wa Mayi Millicent anabwera nayo kuchokera ku mapiri a ku Mzuzu. Chibzalire inali isanaberekepo, poti kuno kumatentha. M'mawa mwake Ada anasamutsira kampando kumeneko. Anaona kachilomboko kakuima pa tsamba lanthete, kakupinda mchira, nkusiya kanthu kobiriwira kochepa ngati njere ya mpiru. Kanasiya kamodzi pa tsamba ili, kamodzi pa tsamba lina. Anaitana mayiwo nkuwauza kuti ndi dzira.

"Ndiye paja ndinkati chiyani?" anatero Mayi Millicent. "Choikira mazira si mbalame?"

Maso a Ada anali kale pa chinthu china. Pa mitengo yomweyo panali mbozi zobiriwira, zina zazitali ngati chala, zokhala ndi mzere wotuwa m'mbali ndi kanyanga kamodzi kosongoka. Mayi Millicent anati mbozizo amazidziwa bwino, ndi zimene zikumaliza khofi wawo, ndipo m'mawa uliwonse amazigwetsa nkuzipha ndi patapata. Anawachenjeza kuti kanyangako kamabaya. Ada anakagunda ndi chala, kanangopindika ngati ulusi wonyowa. Atatero anatenga mbozi imodzi, anaiika padzanja, nkuyamba kuifufuza m'kamwa monga mwa lumbiro lawo. Anatha nthawi ndithu akutifotokozera kuti nyama imeneyi ndi yodabwitsa, ili ndi nyanga pamphumi koma ilibe maso, ndipo kukamwa kwake nkotseka. Ali mkati mofotokoza, kukamwa kuja kunatseguka nkugwetsa kachitosi kakuda. Apo mpamene tonse tinadziwa kuti kanyangako kali kumchira. Ada anaitembenuza mboziyo mwakachetechete nkuyambiranso.

Chimene ankafuna kudziwa chinali chimodzi: kodi mbozi zimenezi ndi ana a kachilombo kouluka kaja, kapena zangokumana pa mtengo umodzi? Anathothola tsamba limene anaona ndi maso awo dzira likuikidwa. Anatsuka chitini cha penti ndi sopo katatu, anathiramo dothi pang'ono ndi masamba ouma, anaikamo tsambalo, nkuphimba pakamwa ndi chidutswa cha neti. Patatha masiku anayi munatuluka kambozi kochepa ngati ulusi wa pa makina anga, kanyanga kake kali kale kumchira.

Kulera kunayamba. Kamboziko kanakana chigwada, kanakana masamba a mango, a mbatata, ngakhale kabichi wogula. Kankafuna khofi basi, ndiponso wanthete. Choncho m'mawa uliwonse Ada ankagogoda kwa Mayi Millicent kudzapempha masamba a mtengo womwewo umene mayiwo ankauteteza ku mbozi. Kunyumba sakanachisiya chitinicho chifukwa cha nkhuku ndi nyerere, ndiye ankayenda nacho. Chinapita nawo kukalemba bwato ku Chikale. Chinapita ku maliro awiri. Mbozi ikafundula khungu, ndipo inafundula kanayi, Ada ankaijambula mwatsopano m'kope, kuopa kuti mwina yasintha maganizo. Anthu a pa msika anayamba kuwapatsa moni wa anthu awiri: akafunsa za Ada, ankafunsanso ngati wam'chitini wagona bwanji. Ada ankayankha mwatsatanetsatane.

Lamulungu lina anachiika pansi pa benchi m'tchalitchi. Nthawi imeneyo mbozi inali itakula, ikudya usana wonse, ndipo zitosi zake zinali zolimba ngati mapira. Pa pemphero la chamumtima, tchalitchi chonse chili zii, panamveka tho pa chitsulo. Patapita kanthawi, tho. A Edith akuti anawerenga kasanu ndi kawiri asanamve ameni. Potuluka, mkulu wa mpingo uja anawakokera Ada pambali nkuwafunsa ngati chili m'chitinimo chikufunika mapemphero. Ada anati ayi, chikufunika masamba.

Patatha pafupifupi masabata atatu, mbozi inasiya kudya. Inasintha mtundu, kubiriwira kuja kunalowa kofiirira, ndipo inayamba kuzungulira m'chitini osapuma ngati munthu wotaya kiyi. A Edith anati ndi fungo la penti, yapenga. Ada sanadye tsiku limenelo. Kutacha anapeza italowa pansi pa masamba ouma aja, itawalumikiza ndi timaulusi. Patapita masiku angapo anasuzumira, anapeza mbozi mulibe, muli kanthu kolimba kofiirira konga chipolopolo, kopanda miyendo, kopanda mutu.

"Bambo a Emily, chafa ichi," anatero a Edith. "Mubwere nacho chitinicho ndidzalemo anyezi."

Ada anakakhudza ndi kamtengo ka machesi. Kanagwedeza mchira. A Edith akuti anabwerera chambuyo mpaka kugunda ndowa, ndipo kuyambira tsiku limenelo chitini chinaletsedwa kulowa kuchipinda.

Anadikira masabata ena awiri. Nthawi yonseyi thabwa la chikwangwani linali litapakidwa kale penti woyera, litatsamira khoma la tiyirumu lopanda chilembo nchimodzi chomwe. Anthu anayamba kutchula malowo kuti Popanda Dzina, ndipo makondakitala ankatsitsa anthu pa Popanda Dzina. Mayi Millicent anaopseza kuti akaitana wolemba wina ku Mzuzu. Ada anati ali ndi ufulu, koma amuuze mnzawoyo kuti miyendo ndi isanu ndi umodzi. Madzulo ake anabwera kudzatenga thabwalo kupita nalo ku shedi, kuti tsiku likadzafika lisadzawapeze ali kutali.

Tsikulo ndinalipo. Linali Lachiwiri m'mawa, ndikusoka yunifolomu, pamene Ada anandikodola ndi dzanja osatulutsa mawu. M'chitinimo, pa kamtengo kamene anaimikamo, panali patakwera kachilombo konyowa, mapiko atakwinyika ngati malaya otuluka m'beseni. Tikuyang'ana, mapikowo anayamba kutambasuka pang'onopang'ono. Thupi linali lomwe lija: msana wobiriwira, lamba wofiira modera m'chiuno, chikasu chakumunsi, mimba yoyera, ndi mchira wa ubweya wakuda wonga nsonga ya burashi. Koma mapiko atauma sanali oonekera. Anali otuwa ngati phulusa.

Ada anakhala pansi. Anati ndiye kuti masabata onsewa akhala akulera mwana wa eni. Thupi likufanana, inde, koma ka pa mpanda kaja mapiko ake ndi galasi, aka ndi bulangete. Komabe, poti ichi ndicho chinali chinthu chokhacho chimene chinavomera kukhala phee pamaso pawo, anati achijambula mmene chilili. Anasakaniza penti woyera ndi wakuda mpaka kutuwa kwake kunafanana ndendende, ndipo anagwira ntchito maola awiri osadzutsa mutu. Anajambula kachilombo kakakulu ngati mbuzi, mapiko otuwa ali tambalala.

Akumalizitsa phiko lachiwiri, m'chitini munayamba kulira kaphokoso ka firiji kaja. Kachilomboko kanali kakunjenjemeretsa mapiko. Kafumbi kanakwera m'mwamba kudutsa pa neti, kakuwala padzuwa. Kenako kanauluka nkugunda neti kawiri katatu, ndipo katateranso pa kamtengo, phulusa lonse linali litachoka. Panatsala mapiko oonekera mbee, okhala ndi timitsempha takuda ndi mkombero wakuda m'mphepete. Kanali kachilombo ka pa mpanda kaja, kosasiyana pena paliponse.

Ada anaima ndi burashi m'manja, penti wotuwa akudonthera pa nsapato. Anayang'ana chitini, anayang'ana thabwa, anayang'ananso chitini.

"Amene anapenta kameneka," anatero, "sanaike andakoti, penti woyambirira uja."

Atatero anavula magalasi nkupukuta m'maso, ndipo ine ndinayang'ana kumbali.

Ananyamula chitinicho kupita nacho ku tiyirumu. Anaviika kaudzu ka tsache m'madzi a shuga nkukakhudzitsa kumutu, kachilomboko nkutambasula mlomo wake wonse pamaso pa makasitomala. Mano munalibe. Mayi Millicent anasuzumira nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati Ada akutanthauza kuti mbozi zija akhala akuzipha ndi patapata ndi ana a mbalame yawo. Ada anati inde, kupatula mawu oti mbalame. Mayiwo analowa m'khitchini, ndipo tsiku limenelo tiyi anali wopanda shuga mpaka masana. Tisanakamasule ndinakajambula ndi foni yanga. Ada atachotsa neti, kanakwera molunjika kupitirira denga.

Dzina linachokera ku Mzuzu. Mwana woyamba wa Ada, Emily, ndi mphunzitsi kumeneko, ndipo tinamutumizira zithunzi za mbozi ndi za kachilomboko pa watsapu. Iye anaonetsa mnzake wophunzitsa sayansi, amene anafufuza nkuyankha patatha masiku awiri. Anati si mbalame, si njuchi, ndi mtundu wa kadziotche, kungoti uyu amauluka masana pamene abale ake ambiri amadikira mdima. Mbozi yake imadya khofi ndi mitengo ya mtundu umenewo, ndipo fumbi la pamapiko limathothoka pa ulendo woyamba, ndi chibadwa chake. Dzina lake la m'mabuku ndi Cephonodes hylas. Ada anazungulira kwa okalamba a ku Chikale kufunsa dzina la Chitonga, koma aliyense ankatchula lake, ndipo awiri anatsala pang'ono kumenyana. Mayi Millicent anati angolemba Choso, ndani adzawerenge miyendo. Ada anakana. Pomaliza mayiwo, atatopa ndi miyezi iwiri ya Popanda Dzina, anati alembe chilichonse chimene akufuna bola thabwa likwere.

Panatsala vuto la mapiko. Chinthu choonekera umachipenta ndi penti wanji? Anayesa woyera, anaoneka ngati nsalu yoyanika. Anayesa wabuluu, anaoneka ngati mabeseni awiri a madzi. Atasinkhasinkha masiku atatu, anakabwereka tchizulo ndi kasowo kwa kalipentala, nkuboola thabwalo, kuchotseratu mapiko onse. M'mabowomo anakungamo masipoko a njinga kuti akhale mitsempha. Chikwangwani anachikweza pamwamba pa denga kuti kumwamba kuzionekera m'mapikomo, ndipo pansi pake analemba ndi zilembo zofiira: CEPHONODES HYLAS TEA ROOM. Kukawomba mphepo ya kunyanja, masipoko aja amalira chapansipansi. Ada sanakonze zimenezo, koma sakana anthu akamawatama nazo.

Anthu anawerenga kuti Sefonodesi Hailasi, ndipo funso linali loti ameneyu ndani. Wina anati ndi Mgiriki wokonza injini za sitima. Wina anati anamuonapo, ali ndi ndevu. Mayi wina wogulitsa nthochi anaganiza zofunsa mwini zilembo. Ada, amene sakana funso lofunsidwa mwaulemu, anafotokoza zonse mmene ankazidziwira. Anati Hylas amabwera kwa Mayi Millicent m'mawa uliwonse cha m'ma naini, sakhala pansi, amangomwa chiimire cha kumpanda nkumapita. Ndi wobiriwira kumsana, lamba wofiira. Ana ake ali kuseri kwa khitchini. Kale mayiwo ankawamenya ndi patapata, koma masiku ano akuwasamala.

Mayi wa nthochiyo anathokoza. Pofika Lachisanu, chithunzi cha chikwangwani pamodzi ndi mawu a Ada zinali pa gulu la watsapu la anthu a ku Nkhata Bay okhala ku Kepitawuni.

A Donald sanaimbe foni. Anakwera basi, anayenda masiku anayi, anagona ku Mzuzu, ndipo anatsika pa boma ndi minibasi yoyamba ali ndi amalume awo, amene ndi ankhoswe a banjalo. Anaima pansi pa chikwangwani nkuchiwerenga kawiri. Mayi Millicent anatuluka ndi ketulo m'manja. Ataona amuna awo amene sanawaone zaka zisanu ndi chimodzi, ataonanso ankhoswe ndi nkhope zimene anabwera nazo, anamvetsa zonse nthawi yomweyo. Ine ndikanakhala iwo ndikanafotokoza pomwepo. Iwo anaika ketulo pansi, anapereka moni mwaulemu wonse, anatulutsa mipando iwiri. A Donald atafunsa kuti Hailasi ali kuti, mayiwo anayang'ana dzuwa nkunena kuti adikire, safika isanakwane naini.

Nkhani inathamanga. Pofika hafu eyiti, msewu wa ku doko unali utadzaza. Osenza katundu anasiya matumba. Dalaivala uja anaimitsa minibasi yodzaza anthu. Ambiri a ife tinkadziwa kuti Hylas ndani, koma panalibe amene anafuna kukhala woyamba kuwononga m'mawa wabwino chonchi. Wina anathamangira kukaitana Ada kuti adzakhale mboni, ndipo anabwera ndi kope lawo kukhwapa, akuganiza kuti kwabwera anthu ofuna kuphunzira.

Tsikulo kunali mitambo. Naini inakwana, osabwera. Teni inakwana. A Donald anavula jekete nkupinda manja a malaya. Amalume anafunsa Ada ngati munthuyu amachedwa chonchi nthawi zonse, Ada nkuyankha kuti kukazizira amatero, amadikira thupi lifunde. Amalume anapukusa mutu. Itangodutsa hafu teni dzuwa linatuluka, ndipo pa timaluwa tapepo panamveka kaphokoso kaja.

"Ndi awo afika," anatero Ada, akuloza ndi pensulo.

A Donald anayang'ana kumsewu, kenako kumpanda, kenako kunsonga kwa pensulo. Kachilomboko kanali kataima m'malere, lamba wofiira akuonekera bwinobwino. Kanamwa duwa limodzi, lachiwiri, lachitatu, nkupita. Panalibe amene anaseka, poti tinkadikira kuona kuti mwini mlandu atani. A Donald anafunsa ndi mawu otsika kuti nanga ana aja. Ada anawatsogolera kuseri kwa khitchini, gulu lonse likutsatira, nkuwaonetsa mbozi zisanu zonenepa pa mitengo ya khofi yotsala ndi masamba owerengeka. Anawachenjeza kuti mutu si kumene kuli nyanga.

"Ndayenda masiku anayi," anatero a Donald.

"Ine ndakuitanani zaka zisanu ndi chimodzi," anayankha Mayi Millicent. "Ndikanadziwa kuti mumamvera mbozi, ndikanayamba kale kuziweta."

Apo mpamene msewu wonse unaphulika. Amalume, amene anabwera atakonzeka kuweruza, anaona kuti sangabwerere osanenapo kanthu. Anapempha tiyi, anamwa, nkugamula kuti mlandu palibe chifukwa woimbidwa mlandu wakana kukhala pansi. Ada okha ndi amene sanamvetse chimene anthu akusekera. A Edith atawafotokozera madzulo ake, anakhumudwa kwambiri, ndipo m'mawa anapita kukapepesa kwa a Donald. Koma anawonjezera kuti pa zonse zimene anauza mayi wa nthochi uja, palibe ngakhale chimodzi chabodza.

A Donald sanabwererenso ku Kepitawuni. Ntchito ija inali itatha tsiku limene anachoka osatsanzika. Panopa ndi amene amaphika pa tiyirumupo, ndipo masikono awo amatha isanakwane teni. Anthu ena amawaitana kuti a Hailasi, iwo amayankha.

Kwa Ada Longwe ntchito yachepa. Masiku ano ambiri amakasindikizitsa zikwangwani zapulasitiki ku Mzuzu, ndipo maso awo ayamba kuchita nkhungu, moti mizere yowongoka amaiyeza kawiri. Koma shedi yawo siikhala yopanda anthu. Aliyense wopeza mbozi yachilendo m'munda mwake amabwera nayo, ndipo pa shelefu pamene kale pankakhala penti pali zitini khumi ndi zinayi zophimba ndi neti, chilichonse cholembedwa tsiku ndi dzina la tsamba, ndi zilembo zokongola kuposa za pa chipatala. Zambiri zimatuluka agulugufe wamba. Imodzi inatuluka ntchentche zisanu ndi zitatu m'malo mwa kachilombo kamodzi, ndipo Ada sanalankhule ndi munthu sabata yathunthu mpaka Emily atawafotokozera kuti ntchentche zina zimaikira ana awo m'thupi la mbozi.

Mwezi watha mlimi wina wa ku Mpamba anabwera ndi chimbozi chachikulu kuposa zonse, chimene anachipeza pa masamba a mbatata, nachonso cha nyanga kumchira. Chinadya masiku asanu nkudzikwirira m'dothi. Sabata yomweyo Emily anaimba kuti wawapezera tsiku lokaonana ndi dokotala wa maso ku Mzuzu. Ada anati apita chikatuluka. Emily anati dokotalayo amabwera kamodzi pa miyezi itatu. Ada anati nachonso chimatuluka kamodzi.

A Edith sanatsutsane nawo. Lolemba m'mawa ndinawaona akutsika kupita ku siteji, Ada patsogolo atavala jekete la kutchalitchi, a Edith pambuyo atanyamula chitini chokulunga m'chitenje chatsopano. Kondakitala atafuna kuchiika kumbuyo pamodzi ndi matumba a usipa, a Edith anakana. Anakhala nacho pamiyendo, mpando wakutsogolo, nkuuza dalaivala kuti pa zitunda za msewu azipita pang'onopang'ono chifukwa muli wogona.